Za Buku la Nthondo, ndi Momwe Mabuku Anayendera pa Positi ku Machinga ndi Balaka

Tikamaphunzira mbiri ya mabuku a m'cinenero cathu, kawiri-kawiri timafunsa mafunso awiri okha: buku ili analilemba ndani, ndipo linasindikizidwa liti? Mafunso amenewa ngabwino ndithu, koma liripo lina lacitatu limene mphunzitsi sayenera kuliiwala, ndilo lakuti: kodi buku limeneli linafika bwanji m'manja mwa anthu oliwerenga? Pakuti buku likangokhala m'nyumba yosindikizira liri ngati mbeu ya m'nkhokwe, imene singabale kanthu kufikira munthu ataitenga kunka nayo kumunda. M'nkhani yino tiyamba ndi buku limodzi lochuka, ndilo Nthondo, ndipo pambuyo pace tiona njira zimene mabuku otere anali kuyendamo kuti afike ku dziko la m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kuyambira ku Rivirivi kufikira ku mapiri a Chikala ndi ku nyanja ya Chiuta, kumene lero kuli maboma a Balaka ndi Machinga.

Buku ndi mlembi wace

Mlembi wa Nthondo ndiye Samuel Josia Ntara, amene anabadwa m'caka ca 1905, ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed Church ya ku Nkhoma. Mishoni imeneyi inayamba nchito yace ku Mvera m'caka ca 1889, nimanga ku Nkhoma m'caka ca 1896, ndipo inali ndi makina ace-ace osindikizira mabuku. Mabuku oyamba a Cinyanja anali a sukulu ndi a calici: owerengera ana, a nyimbo, a katekisma, ndiponso Buku Lopatulika lathunthu limene linaturuka m'caka ca 1922. Ambiri mwa mabuku amenewa analembedwa kapena kumasuliridwa motsogozedwa ndi Azungu, cinkana eni dziko anathandiza kwambiri pa nchitoyo.

M'caka ca 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene pambuyo pace linayamba kupereka mphotho kwa anthu a mu Africa olemba mabuku m'zinenero zao. Ntara anatumiza zolemba zace ku mpikisano umenewu, ndipo m'caka ca 1933 analandira mphotho. Caka comweco bukulo linasindikizidwa ku Nkhoma. Apa tiyambe kuzindikira kuti ulendo woyamba wa Nthondo unali wa pa positi, pakuti zolembazo zinaoloka nyanja m'thumba la makalata, mwini wace ali kwao. M'caka ca 1934 bukuli linaturuka m'Cingerezi ku London ndi dzina lakuti Man of Africa. Analimasulira ndi T. Cullen Young, amene anakhala zaka zambiri pa mishoni ya Livingstonia, ndipo mau otsogolera analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa za sayansi. Ntara analembanso mabuku ena, monga Mbiri ya Acewa, Ncowa, ndi mbiri ya mfumu Msyamboza imene Young anaimasuliranso niicha Headman's Enterprise m'caka ca 1949.

Nkhani ya Nthondo itsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira pa kubadwa kwace m'mudzi wa Acewa. Mwanayo akula atate wace atamwalira, nakhala wosamva ndi wakuba, nabvutitsa abale ace. Pambuyo pace acoka kwao kukafuna nchito kutali, nabwerako, nalowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkristu. M'kati mwa nkhaniyo wowerenga aona miyambo ya pa ubadwa, pa maliro, pa ukwati ndi pa milandu monga inali kucitikira m'midzi. Mabuku osimba za kukula kwa mwana alipo m'maiko ambiri: ku England kuli David Copperfield la Charles Dickens, limene linali kuturuka pang'ono-pang'ono mwezi ndi mwezi m'zaka za 1849 ndi 1850, ku Guinea kuli buku la Camara Laye la 1953 losimba za ubwana wace, ku Kenya kuli Weep Not, Child la Ngugi wa Thiong'o la 1964. Tikayang'ana zaka zimenezi tiona kuti Nthondo anatsogolera mabuku ambiri ochuka a mu Africa, ndipo cimeneci ncinthu coyenera kuti ana athu acidziwe.

Amtengatenga ndi njanji

Tsono buku losindikizidwa ku Nkhoma, kapena ku Blantyre, kapena kunja kwa dziko lino, likanafika bwanji kwa mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzi kwa Kalembo kapena kwa Kawinga? Masitolo ogulitsa mabuku anali a mishoni, ndipo anali owerengeka. Munthu wofuna buku anali ndi njira ziwiri: kutuma mnzace wa paulendo, kapena kulemba kalata ndi kutumiza ndalama pa positi.

Positi ya Boma inayamba m'dziko muno m'caka ca 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi, ndipo m'caka ca 1893 dziko linachedwa British Central Africa. Dzina lakuti Nyasaland linadza m'caka ca 1907. Masiku amenewo makalata anali kuyenda pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Amtengatenga a positi anali kulandizana matumba m'njira, kuyenda usana ndi usiku, m'mvula ndi m'dzuwa, m'chire momwe munali mikango. Njira yaikulu yocokera ku Zomba kunka ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, inali kudzera pa Liwonde, pamene panali dooko la pa Shire. Cifukwa cace Liwonde anali malo odziwika kwa apaulendo ndi kwa onyamula makalata kalekale, mlatho wa pa Kamuzu Barrage usanamangidwe m'caka ca 1965.

Njanji inasintha zinthu. Inafika ku Blantyre kucokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, m'caka ca 1908. M'caka ca 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi unatha, ndipo caka comweco njanji inatsegulidwa kucokera ku Blantyre kunka ku Salima, kudzera pa Utale ndi pa Balaka. Taonani kuyandikana kwa zaka: Nthondo anasindikizidwa mu 1933, ndipo patangopita zaka ziwiri sitima inayamba kuima pa Balaka. Kuyambira pamenepo phukusi limene kale likanagona masiku ambiri m'njira linayamba kufika msanga, ndipo Balaka, amene anali malo ang'ono, anakula cifukwa ca siteshoni, nakhala pokomanira anthu a ku Ntcheu, a ku Mangochi ndi a ku Liwonde. Njanji yina yocokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde kunka ku Nayuchi, m'malire ndi Mozambique, inatsegulidwa m'caka ca 1970, nipyoza pakati pa boma limene kale linali kuchedwa Kasupe, lero Machinga. Balaka anali mbali ya boma lomweli kufikira caka ca 1998 pamene anapatsidwa boma lace.

Cinthu cina cothandiza cinali lamulo la positi lakuti zosindikizidwa, monga mabuku ndi nyuzipepala, zilipiridwe mtengo wocepa koposa kalata, malinga phukusilo likhale losamata kotheratu kuti a positi athe kuona za m'kati. Lamulo lotere linali m'maiko ambiri ogwirizana m'bungwe la Universal Postal Union, limene linayamba mu 1874. Eni malamulo anazindikira kuti dziko lipindula anthu ace akamawerenga.

Makalata a anthu a ku Harare ndi ku Joni

Sitingamvetse cifukwa cimene anthu a m'midzi anazolowera positi tikapanda kukumbukira za ulendo wa ku Harare ndi ku Joni. Msonkho unali kufuna ndalama, ndipo ndalama zinali kutali. Komiti ya Boma imene inafufuza za nkhaniyi m'caka ca 1935 inayerekeza kuti amuna okwana 120,000 a dziko lino anali kunja pa nchito. Ena anapita okha wapansi, ena analembedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Johannesburg, ena ndi Mthandizi kunka ku Southern Rhodesia. Amene sanabwerere anachedwa machona. Cingwe cokha comanga anthu amenewa ndi kwao cinali kalata.

Apa mpamene mphunzitsi wa m'mudzi anali ndi nchito yaciwiri yosalembedwa pa pangano lace. Amai olandira kalata yocokera kwa amuna ao kapena kwa mwana wao anali kunka nayo kwa aphunzitsi kuti awawerengere, ndipo aphunzitsi omwewo ndiwo anali kulemba yankho. Keyala ya mudzi wonse inali ya sukulu kapena ya mishoni. Cotero thumba la makalata ndi sukulu zinakhala zinthu zoyendera pamodzi, ndipo ana ambiri anayamba kulakalaka kuwerenga poona kuti pepala lingathe kunyamula mau a atate ao kucokera kutsidya kwa Zambezi.

Mabuku anatsata njira yomweyo. Mishoni ya Nkhoma inatumiza mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury m'caka ca 1912 kuti akasamale anthu a kuno okhala kumeneko, ndipo kumene kunali mipingo ya anthu olankhula Cinyanja kunali kufunikanso mabuku a Cinyanja. Tiganize tsono za mnyamata wa m'komboni ya pa mgodi powerenga za Nthondo, munthu wosiya mudzi kukafuna nchito, wogwa m'zoipa, koma wobwerera kwao nakhala munthu wolemekezeka. Kwa wowerenga wotere nkhaniyo inali kufunsa funso limene linali kale mu mtima mwace: kodi ine ndidzabwerera, ndipo ndikabwerera ndidzakhala munthu wotani? Ulendo wa Wenela unaimitsidwa ndi Boma la Malawi m'caka ca 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown, koma kufikira lero anyamata ambiri a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi amapitabe ku South Africa kukafuna nchito. Funso la Nthondo silinakalambe.

Buku limodzi, owerenga ambiri

Tisaganize kuti buku lofika pa positi linali la munthu mmodzi. M'dziko la anthu osauka buku limodzi limawerengedwa ndi ambiri. Wogula akatha kuwerenga anali kubwereka mnzace, mnzaceyo napatsira wina, kufikira cikuto citathothoka ndi masamba atada. Ndiponso wodziwa kuwerenga anali kuwerenga mokweza, ena ali kumvetsera, monga momwe anthu amamverera nthano madzulo. Akulu anati kupatsa nkuika, ndipo pa mabuku mwambi umenewu ngoona koposa, pakuti wobwereka mnzace buku sataya nzeru zimene anapezamo, koma apeza munthu wokamba naye za nzeruzo.

Nkhondo yaciwiri itatha, maboma anayamba kuthandiza. M'caka ca 1948 kunakhazikitsidwa Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, likulu lace ku Lusaka, kuti lilimbikitse anthu kulemba m'zinenero zao ndi kufalitsa mabukuwo pa mtengo wocepa. M'zaka zotsatira anaturuka mabuku a E. W. Chafulumira, Kalenga ndi Mnzace la Josiah Phiri, ndiponso a John W. Gwengwe, monga Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo, limene lifotokoza za maleredwe a mwana pa Cicewa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, positi inasanduka ngati sukulu. M'caka ca 1965 Boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene inali kutumiza maphunziro pa positi kwa ana osapeza malo ku sekondale ndi kwa aphunzitsi ofuna kukwera. Wophunzira anali kulemba mayankho, natumiza, nadikira kuti abwere atacongedwa. Dzina lace linasintha pambuyo pace kukhala Malawi College of Distance Education. Lamulo lokhazikitsa National Library Service linapangidwa mu 1967, ndipo nchito inayamba mu 1968. Pakati pa njira zace zofikira anthu akutali panali kubwereketsa mabuku pa positi kwa munthu wokhala kumene kulibe laibulale, ndi kutumiza mabokosi a mabuku ku masukulu. Apa ndipo pamene buku limodzi linayenda ndithu kucokera kwa wowerenga wina kunka kwa wina m'thumba la makalata: linali kupita ku mudzi, libwerera ku likulu, lipitanso ku mudzi wina, ndipo anthu osaonana nkhope anagawana nkhani imodzi.

Amene mabuku sanawafike

Mbiri yoona iyenera kuchulanso amene anatsala. Ku Machinga ndi mbali zina za Balaka anthu ambiri ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Aliponso Alomwe, Angoni ndi Amang'anja. M'masiku a Atsamunda pafupi-fupi masukulu onse anali a mishoni. Akatolika a cipani ca Montfort anamanga ku Utale m'caka ca 1908, a U.M.C.A. anali ku Malosa ndi ku Likwenu, ndipo a Church of Scotland anali ku Domasi. Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro m'caka ca 1926, nilitsegula Jeanes Training Centre ku Domasi mu 1929, komabe sukulu za m'midzi zinatsala m'manja mwa mishoni. Makolo ambiri a Cisilamu anaopa kutumiza ana ao ku sukulu zotere, poganiza kuti anawo akasiya cipembedzo ca makolo ao. Ndipo mantha amenewa sanali opanda pace, pakuti colinga ca mishoni cinali cimeneco ndithu. Ana ao anaphunzira ku madrasa, ndipo ena anadziwa kulemba ndi malemba a Ciarabu; sanali mbuli ai, koma mabuku a ku Nkhoma ndi a ku Lusaka sanalembedwere iwo.

Ana akazinso anatsala m'mbuyo pafupi-fupi m'mitundu yonse, pakuti anali kucotsedwa pa sukulu msanga kuti akakwatiwe. Ndipo positi yomwe inali kuthandiza iwo okha amene anali ndi ndalama ya sitampa ndi keyala yodalirika. Cotero sitima inali kudutsa pa Balaka ndi matumba a makalata, koma midzi yambiri ya pafupi ndi njanjiyo inakhala zaka zambiri yosaona buku la nthano ndi limodzi lomwe. Kusiyana kumeneku kunasiya cipsyera cimene aphunzitsi a m'maboma awiriwa akali kulimbana naco.

M'caka ca 1968 cinenero cimene cinali kuchedwa Cinyanja cinapatsidwa dzina lakuti Cicewa nicikhala cinenero ca dziko lonse pamodzi ndi Cingerezi. Kuyambira pamenepo mwana wa Ciyao kapena wa Cilomwe anayenera kuphunzira kuwerenga m'cinenero cimene mwina sanayamwire. Mphunzitsi wowerenga Nthondo ndi ana a ku Ntaja kapena ku Nsanama akumbukire zimenezi. Bukuli linalembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni, ndipo matsiriziro ace aonetsa cikhulupiriro ca mlembi wace. Miyambo ya m'menemo nja Acewa a pakati pa dziko. Sikuyenera kubisa zimenezi, ndiponso sikuyenera kutaya bukulo cifukwa ca izo. Mwana wa ku jando kapena ku nsondo angathe kuyerekeza maleredwe a kwao ndi a kwa Nthondo, naona pamene afanana ndi pamene asiyana. Umasiye, kusamvera, ulendo, manyazi ndi kubweza mtima ziribe mtundu kapena mpingo.

Cimene mbiri iyi itiphunzitsa

Lero zinthu zasintha. Makalata acepa cifukwa ca lamya za m'manja, ndipo mau amene kale anali kuyenda mwezi wathunthu afika m'kamphindi. Ku Balaka komweko kuli makina osindikizira a Montfort Media, ndipo ku Machinga kuli koleji yophunzitsa aphunzitsi. Koma njala ya mabuku siinathe. Pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere m'caka ca 1994, ana olembedwa anacuruka kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi-fupi 3 miliyoni m'caka cimodzi, ndipo mabuku sanacuruke molingana. Ambiri a inu mudzapeza kalasi la ana oposa 100, mabuku owerengera ali owerengeka, ndipo buku la nthano loti mwana awerenge mwa kufuna kwace palibe.

Pamenepo musadzati, palibe cimene ndingacite. Anthu amene tawachula m'nkhani yino anali ndi zocepa koposa inu, koma anayendetsa mabuku. Masukulu a dera limodzi amakomana pa Teacher Development Centre. Aphunzitsi asanu atasonkha mabuku awiri-awiri, ndiye kuti pali mabuku khumi oti azungulire masukulu asanu. Buku liri lonse likhale ndi pepala m'kati polemba dzina la sukulu, tsiku lofika ndi tsiku locoka, ndipo likutidwe bwino lisanayambe ulendo. Mphunzitsi awerenge mutu umodzi mokweza tsiku liri lonse, ana namvetsera, nakambirana. Bukulo likatha, ana a makalasi apamwamba alembe kalata kwa anzao a sukulu imene bukulo likupita, kuwauza cimene cawakondweretsa ndi cimene akutsutsana naco, osaulula matsiriziro a nkhani. Potero adzaphunzira kalembedwe ka kalata pa nchito yeni-yeni, pakuti adzadziwa kuti alipo munthu amene adzawerenga ndi kuyankha. Kalatayo ingapite pa positi, kapena pa njinga ya mphunzitsi. Cacikulu ncakuti ifike.

Mabuku ena adzang'ambika, ena adzasowa, ndipo mudzapsya mtima. Koma buku long'ambika cifukwa ca kuwerengedwa lagwira nchito yace, pamene buku lotsekeredwa m'kabati ya ahedi kuopa kuti lingade lidzadyedwa ndi ciswe lisanaphunzitse munthu. Akulu anati m'mera mpoyamba: mwana amene sanalawe kukoma kwa nkhani ali ku pulaimale sadzafuna buku atakula. Ntara anali mphunzitsi wa sukulu monga mudzakhalira inu, ndipo analemba za anthu a m'midzi imene anaidziwa, m'cinenero ca amai ace. Tsono pocoka pa koleji pano yesetsani kupeza Nthondo ndi mabuku anzace, muwawerenge inu eni poyamba, ndipo mukatha muwatumize kwa ena. Ndiponso mulimbikitse ana anu kulemba za kwao, m'Cicewa, m'Ciyao ndi m'Cilomwe, kuti m'tsogolo muno ku Machinga ndi ku Balaka kusamangofikira mabuku ocokera kwina, koma kuziturukanso mabuku onka ku maboma ena.